Mukagule Kamera Yoonetsa Mapazi a aNangozo

Asisi Esinati,

Lero kunacha ndi chisanu choluma zala. Utsi wa mbaula za m'Tafara muno unangoyala pansi osafuna kukwera, ndipo fumbi linali litayeretsa masamba a repu wa Amayi kuseri kwa nyumba. Ine ndinadzuka inu mukadali m'bulangete. Ndinamva mawilibala a zigubu akulira kulowera kumjigo, anyamata a makombi akukuwa kumsewu kuti "Tawuni! Tawuni!", ndi mwana wa anthu a lendi akutsokomola kuseri kwa khoma. Ndinamvanso Agogo akunyamula sutikesi yanu n'kuitula, kuinyamulanso n'kuitula, ngati wopita ku Malawi ndi iwo. Mawa nthawi ngati imeneyo inu mudzakhala mukumanga nsapato za ulendo, ine ndikumanga tayi ya sukulu.

Kalatayi ndi ya Amayi. Anandituma asanasenze dengu la tomato. Anati, "Lameki, ine cholembera chimandilemera kuposa dengu. Umulembere mlongo wako malangizo anga akawerenge m'basi. Ulembe m'Chichewa, chifukwa Chichewa chake n'chobowokabowoka, amangomata ndi Chishona." Ndinatenga pepala, kudikira mawu ambiri. Iwo anangoti mukapemphere, mukagwade popereka moni kwa akuluakulu, mukapsa mtima musakatukwane m'Chishona poganiza kuti sakumva, ndiponso mukadye, chifukwa namwino wowonda odwala samukhulupirira. Kenaka anakonza nkhata pamutu n'kunena kuti, "Za kamerazo umuuze ndiwe. Ine ndimangodziwa kuima n'kumwetulira." Malangizo a Amayi athera pamenepa. Otsalawa ndi anga, koma muwalandire ngati a kholo, ngakhale munkandibereka kumbuyo ndinu.

Ndiyambe ndi kunena poyera kuti zikundipweteka. Lamlungu, aMalume a ku Glen Norah atabwera n'kutulutsa envulopu ija, ine ndinali nditakhala pachigubu pafupi ndi chitseko. Anandidutsa, n'kuika m'manja mwanu. "Mwana wathu akupita kukoleji ya unamwino kwathu ku Malawi, agule kamera." Ine anangondisisita kumutu, amvekere, "Iwe limbikira masamu." Asisi, inu amene mumajambula chala chili pagalasi! Inu amene mumadula anthu mitu n'kusiya denga lonse! Ine chiyambire Fomu Wani ndakhala ndikulowa m'tawuni Loweruka n'kukaima pamawindo a mashopu mpaka alonda anandizolowera. Timabuku ta malangizo a makamera amene sindinawagwirepo ndatiwerenga pafoni mpaka kuloweza. Anzanga akamathamangira mpira, ine ndimakhala ndi aMarufu, wojambula wa pamashopu uja, kuwagwirira ambulera ndi kuwapukutira magalasi kuti mwina andilole kudina kamodzi. Koma envulopu inapita kwa inu. Lolemba munandifunsa mukutsuka mbale kuti, "Iwe katswiri, yabwino ndi iti?" Ine ndinati, "Iliyonse." Inali nsanje imene inayankha. Si iliyonse. Mawa m'mawa mukamalowa m'tawuni ndi aMalume kukagula musanakwere basi, ine ndidzakhala m'kalasi kulemba mayeso oyeserera a masamu omwewo. Ndiye kalatayi musaidikirire basi monga anenera Amayi. Muwerenge muli m'kombi.

Musaiwale chimene kamerayo ikupitira. Si yojambulira inu ndi anzanu mutasongola milomo ngati abakha. Ikupitira aNangozo, mlongo wawo wa Agogo. Nkhaniyi inu munaimva modutsa, poti munali pakalikiliki wa pasipoti, koma ine ndinaiona ndi maso. Agogo anachoka kumudzi kwawo kuseri kwa Dedza ali mnyamata, kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya kuno, aNangozo ali kamtsikana kosatha kusenza ndowa. Sanaonanenso. Mvula itangosiya chaka chino, mdzukulu wa aNangozo anatumiza chithunzi pafoni ya aMalume, ndipo ine ndinakachitsukitsa kwa aMarufu, paja maso a Agogo za pafoni sazigwira. Ndinabwera nacho chothamanga, kuyesa ndanyamula chimwemwe. Chinali cha mutu wokha, kuyambira m'khosi kukwera, chosaoneka bwinonso, ngati munthu ali kuseri kwa utsi. Agogo anachigwira nthawi yaitali. Kenaka anandifunsa chapansipansi kuti, "Anamuika liti?"

Ndinati, "Agogo, ali moyo. Awajambula posachedwa pompa."

Iwo anati, "Mwana iwe, ine ndakula. Chithunzi cha mutu wokha n'cha pachitupa ndi pabokosi la maliro. Munthu wamoyo amajambulitsa ataima, mapazi ali pansi. Ife tikamatumiza chithunzi kumudzi tinkaima thupi lonse, nsapato zikuoneka, kuti amayi athu aone kuti thirakitala sinatidye mwendo. Mwandibisira maliro poopa kuti ndigwa. Ndikudziwa mmene timachitira. Nkhalamba sitiiuza msanga."

Tinayesa kuimba foni. Netiweki ya kumeneko amachita kuikwerera pachulu, ndipo aNangozo khutu limodzi linagontha. Mawu atamveka, Agogo anamvetsera pang'ono n'kubweza foni, amvekere, "Nkhalamba iliyonse itha kunena kuti ndine Nangozo. Ine ndinasiya mwana wa timawu tating'ono." Kuyambira tsiku limenelo chakudya amangochitola pamwamba n'kukankha mbale. Lamba wawo ndinamuboola ndine bowo latsopano ndi msomali, kenaka linanso. Foni ya mdzukulu uja inagwera m'chitsime, yanu galasi la kumbuyo linasweka ndipo imajambula ngati m'chifunga. N'chifukwa chake aMalume anatulutsa envulopu. Choncho mukamasankha, muzidzifunsa funso limodzi lokha: kodi kamera iyi ingawabwezere Agogo pambale?

Musakagule yapinki ija. Ndinakuonani. Tsiku limene tinakatenga tikiti ya basi munaima pawindo, maso ali pa kakamera kapinki kopyapyala ngati bisiketi, kolembedwa manambala akuluakulu pabokosi. Inenso manambala anandipusitsapo. Chaka chatha ndinabwereka ka mtundu womwewo kwa Takudzwa wa m'kalasi mwathu, kuti ndikajambule kwaya ya Amayi kutchalitchi. Pabokosi analemba mamegapikiselo ochuluka kuposa a kamera ya aMarufu, ndipo ine ndinayenda motukula mapewa ngati mtolankhani. Panja zinkaoneka bwino ndithu. Titalowa m'kati, nkhope za amayi onse zinasanduka phala la mawere. Kunatsala maduku oyera ndi mano, maso osaoneka. Amayi anayang'anitsitsa n'kufunsa kuti, "Ine ndi uti pamenepa?" Ndinaloza mayi wina wa ku Caledonia. Manambala a pabokosi ndi nyambo, asisi. Chofunika ndi diso la kamera, kuti limamwa kuwala kochuluka bwanji. Ife ndife akuda bii, tinatengera Agogo, ndipo aNangozo mukawapeza pakhonde la udzu kapena m'nyumba ya kazenera kamodzi. Ndiye m'shopumo muimike aMalume pakona yamdima kwambiri, muzimitse fulashi, muwajambule, kenaka mukulitse chithunzicho pasikirini mpaka mufike m'maso mwawo. Mukaona chipsera chawo cha pachikope chija, kamerayo ndi yabwino. Akasanduka phala, ibwezeni, ngakhale wogulitsa akuitaneni kuti "sisi vangu" kangati.

Musawadule mapazi. Ndikubwereza, musawadule mapazi. Wogulitsa akakuonetsani zumu, kukoka chikwangwani cha tsidya la msewu mpaka kuwerenga zilembo, ndipo inu mukati, "Hii, bho!" Zumu ndi yabwino pa mbalame ndi pa mpira. Inu mukufuna yoona motambasuka, yolowetsa munthu yense muli pafupi naye. Ine ndinaphunzira mochititsa manyazi pa ubatizo wa mwana wa anthu a lendi. Pabwalo pathu mukupadziwa kuchepa kwake. Kamera imene ndinabwereka tsikulo inali yoona mopanikiza, ndiye ndinabwerera m'mbuyo kuti mapazi alowe, kubwereranso, kubwereranso, mpaka ndinakhala pansi m'beseni la matewera. Anthu anaseka mpaka abusa anavula magalasi. Inu munaseka kuposa onse, musakane. Ndipo pachithunzipo mapazi sanalowebe. Mukayese m'shopu momwemo. AMalume aime, inu mubwerere pang'ono chabe, chipewa chawo ndi nsapato zawo zilowe zonse, pansi patsaleko malo. Agogo akufuna kuona pamene phazi lakhudza nthaka.

Muganizirenso za moto wake. Kuno magetsi amabwera ngati mlendo wamanyazi, anthu atagona. Kumudzi kwa aNangozo kulibiretu. Pa ukwati wa mwana wa aMalume, aMarufu anandipatsa kamera yawo yachiwiri kuti ndigwire mbali ya akuchikazi. Ndinakondwa kwambiri moti chithunzi chilichonse ndinkachionetsa kwa ana pasikirini, kuyatsa, kuzimitsa, kuyatsanso, kuti andione kuti ndine munthu. Mkwatibwi atangotulukira pakhomo, nthungululu zitayamba, kamera inatseka diso n'kugona. Batire lake linali la mtundu wakewake, chaja ili kunyumba, kunyumbakonso magetsi kulibe. AMarufu sanandikalipire. Anangondivula kamerayo m'khosi anthu akuona, n'kundibwezera ambulera. Inu mukagule yodya mabatire wamba, a m'tochi yaing'ono aja, opezeka patakishopu iliyonse. Yoteroyo imakhala yonenepa, yosakongola, yotupa mbali imodzi ngati tsaya la wodwala dzino. Ndi imeneyo. Ikasowa, mutenge yotchajidwa ndi chingwe cha foni, poti sola ya foni siisowa pamudzi. Ndipo musakaonetse ana chithunzi chilichonse. Akakuzungulirani, akakukokani siketi, inu ndi mtima wanu wofewawo mukalola. Mukakane mpaka aNangozo atajambulidwa.

Apa pali nkhani ya Amayi, imene sanandiuze kuti ndilembe koma sangaikane. Mukuikumbukira wailesi ija sitinaimverepo? Anaigula m'mbali mwa msewu m'tawuni kuti Agogo azimvera nkhani. Inalira bwinobwino m'manja mwawo. Mnyamata wogulitsa anati, "Mayi, bweretsani ndikukulungireni, akuba angakuoneni." Anatembenuka pang'ono, n'kuwapatsa bokosi lomatidwa bwino ndi tepi. Kunyumba tinasonkhana tonse, Agogo atapukuta kale pawindo poiika. M'bokosi munali theka la njerwa lokulungidwa m'nyuzipepala. Njerwayo ndi imene timatchingira chitseko cha kukhitchini mpaka lero, ndipo Amayi akaipunthwa amaitchabe wailesi. Choncho kamera imene mwaiyesa isachoke m'manja mwanu. Asalowe nayo kuseri, asakusinthireni ndi ina akuti yatsopano ya m'bokosi. Yogwirapo kale ntchito si yoipa, ndipo envulopu ya aMalume ingakwanitse yomweyo. Kungoti muiyang'ane bwino. Muloze galasi lake kowala muone ngati mulibe nkhungu kapena zokandika. Mutsegule kachitseko ka mabatire muone ngati mulibe ufa woyera. Muiyatse mutaiika pakhutu, ikamalira ngati ikutafuna mchenga, isiyeni. Mutenge lisiti. AMalume akayamba kuyang'ana wotchi n'kumanena za basi, muwauze mwaulemu kuti basi ikakusiyani ilipo ina mkuja, koma Agogo tili nawo amodzi.

Mukafunsenso ngati ili ndi kodikirira kaja, kakuti mukadina imayamba yadikira pang'ono, inu n'kuthamanga kukaima nawo. Agogo sadzakhulupirira chithunzi cha nkhalamba ili yokha, adzati n'chakale. Muime pambali pa aNangozo inuyo, iwo atamanga duku lobiriwira limene Agogo aika pansi pa zovala zanu m'sutikesi. Dukulo anasankha okha pamsika ku Mabvuku, ndipo akadzaliona pamutu pa mlongo wawo, mkangano watha. Koma musakafike kamera ili kumaso ngati mlendo wodzaona nyama. Mukagwade, mukadye zimene akupatseni, mukagone. Kukacha muwauze, muwapatse nthawi asambe, adzole, asankhe chitenje. Ine ndinawajambulapo Agogo mwadzidzidzi akumeta ndevu, thovu lili mbali imodzi, poganiza kuti ndi luso. Sanandilankhule mpaka madzulo, ati ndikufuna kuwaonetsa kudziko ngati wamisala. Munthu wamkulu sabedwa chithunzi, amapemphedwa.

Mwina mukuti mwana ameneyu akuchulutsa. Ndikuchulutsa, inde, chifukwa ulendowu m'mtima mwanga ndi wanga. Ndine amene ndimawawerengera Agogo Baibulo la Chichewa maso awo atatopa. Ndine amene ndinaloweza mayina a mapiri a kwawo, ndi kamtsinje kamene amawolokera kupita kudimba, ndi mkuyu umene unali kuseri kwa nyumba ya amayi awo. Koma mukaziona ndinu, amene mpaka lero mumati "mangwana" pofuna kunena mawa. Chondiwawa kuposa zonse ndi ichi. Anthu akandiona ine ndi kamera amauma ngati mitengo ya magetsi, chifukwa sindidziwa chowauza. Ndimangoima n'kumawayang'ana. Inu mukangolowa m'nyumba, ngakhale wodwala malungo amaseka. Ndikudziwa kuti aNangozo akakusekerani, ndipo chithunzi chanu choyamba, chala chanu chili m'mbali momwemo, mwina chidzaposa zanga zonse. Zimenezi ndazitafuna sabata yonse koma sizikutsika pakhosi.

M'kalata muno ndaikamo kakhadi kosungira zithunzi, kali m'pepala la switi, musataye. Ndinakagula kalekale nditagulitsa timapaketi ta maputi, chimanga chokazinga chophulika chija, kusukulu, kamera yokaikamo ndilibe, ngati munthu wogula chishalo njinga asanaione. Kakhala m'bokosi langa la masamu, pansi pa kampasi. Ndinkati kadzalowa m'kamera yanga yoyamba. Tsopano kalowa m'yanu. Imene mugule ikhale yolandira kameneka, ndipo mukayesere m'shopu momwemo. Mukakalowetsa, muona chithunzi chimodzi. Lero nditaweruka ndinakapempha kamera ya aMarufu, ndipo eni akewo anabwera nayo okha. Agogo anavala suti ya kutchalitchi, imene tsopano yawakulira, n'kuima pageti, dzuwa lili kumsana kwanga. Nditati ndidine anakweza dzanja.

"Dikira. Ndi nsapato izi? Nangozo aone zala zanga zikusuzumira?"

Ndinati, "Agogo, sizioneka."

Anati, "Ukapanda kuzionetsa ndiye wandidula mapazi. Vula zakozo."

Ndinavula nsapato zanga za sukulu, iwo anazipukuta ndi mpango n'kuvala, ndipo ndinawajambula ndili ndi masokosi okha pafumbi. Alowa onse, kuyambira chipewa mpaka nthaka. Chithunzi chimenecho chikakana kuoneka pasikirini ya kamera imene mukuyesa, si imeneyo, yesani ina. AMalume asakufulumizitseni. Mukafika, muwaonetse aNangozo chimenecho musanawajambule, nawonso aone kuti mlongo wawo waima. Ndani akudziwa, mwina kumenekonso akuti tikuwabisira.

Mukatha, mukangofika pamene pali netiweki, mutumize chithunzi cha aNangozo pafoni ya aMalume osachichepetsa, ine ndikachitsukitsa chachikulu ngati kalendala. Musadikire kuti muyambe mwazolowera koleji, musadikire holide. Pa lamba paja malo oboola atsala pang'ono. Kakhadi ndakubwerekani, sindinakupatseni. Kamerayo ndi yanu, ndavomera, ngakhale pakhosi pakanabe. Koma mukadzabwera mudzandilole ndiigwire tsiku lathunthu, osandiima kumbuyo.

Osati yapinki. Mabatire wamba. Isachoke m'manja. Mapazi, asisi, mapazi.

Ndalemba ndili pakhonde, ndipo dzuwa langolowa kumene. Anthu a lendi abwera koyamba ndi zigubu zawo, mwana uja akutsokomolabe. Amayi abwera ndi dengu, tomato atatsala pang'ono, m'khwapa muli nkhuku ya kamba wanu. AMalume sanabwere, atumiza mawu kuti mukumana pamashopu m'mawa. Agogo abwera kuchokera kumsewu kumene anaperekeza aMarufu, akhala pampando wawo n'kufunsa kuti basi imafika ku Dedza nthawi yanji. Mbatata imene Amayi awapatsa adya theka. Inu mwabwera komaliza, mukuseka ndi anzanu pageti, mwandigwira kumutu podutsa n'kuti, "Katswiri, homuweki?" Ndati eya. Nsapato zanga Agogo sanavulebe. Ati avula chithunzi chikabwera, ndiye mawa mayeso ndikalemba nditavala zawo zong'ambika zija.

Ndine mlongo wanu, wolemba m'malo mwa Amayi,
Lameki